Mbendera Zisakhudze Pansi

Lolemba, 21 Meyi

Msonkhano wa nthambi yathu ya Zidzukulu Zazikazi za pa Linga, kuholo ya tchalitchi. Kutentha koopsa. Fani imodzi, nayonso yoloza kwa Imogene ngati anaigula ndi iye.

Nkhani yaikulu: Mai Boggs akutula pansi udindo wa wapampando. Makutu atha, akukakhala kwa mwana wawo ku Florida. Chisankho pa 14 Juni, Tsiku la Mbendera, pamaso pa Mai Thornbury, mkulu wa bungwe lathu m'Kentucky monse muno. Opikisana awiri: ine ndi Imogene Stallard.

Ndinene zoona pano, poti palibe akuona. Lamba wabuluu wa wapampando uja ndikumufuna. Ndinayamba kumufuna ndili mtsikana wonyamula makapu a tiyi, mayi anga atamuvala paphewa. Agogo anganso anamuvala. Ine ndakhala mlembi, wotsuka mbale, wopukuta ziliza za makolo mpaka maondo kuda bii. Ukalamba wafika, lamba ayi.

Imogene ndi msuweni wanga, koma wa kutali, ndipo kutaliko ndimathokoza nako Mulungu. Kholo langa, Jabez Tolliver, linaima pamwamba pa linga ndi mfuti nthawi ya nkhondo ya ufulu wa America. Kholo lake linalinso momwemo, sindikana. Likuweta nkhumba.

Nzeru yanga: mwambo wootcha mbendera zakutha. Chimwalirire mayi sunachitikenso kuno. Mbendera ikang'ambika sitayidwa kudzala ngati sanza. Imapindidwa, imaimbiridwa nyimbo ya fuko, imaotchedwa mwaulemu. Ndinaimirira n'kunena kuti ndikonza ndine, kuseri kwa nyumba yanga, tsiku lachisankho lomwelo. Onse anaomba m'manja. Imogene anaomba ndi zala ziwiri.

A Orval, amuna anga, nditawauza: "Otcha chilichonse, Verna, bola usapsereze nyama."

Lachinayi, 24 Meyi

Chilengezo chatuluka m'nyuzipepala ya m'tauni ndi pawailesi. Aliyense amene ali ndi mbendera yakutha abwere nayo kwa Mai Verna Pruitt. Dzina analilemba bwino.

Zabwera zingapo. Ndazipinda makona atatu monga mwa lamulo, nyenyezi kunja. Pa piyano zikuoneka bwino kwambiri.

Malamulo ndawakumbutsa a Orval, ngakhale msilikali wakale sayenera kukumbutsidwa. Mbendera sikhudza pansi. Pamwamba pake sipaikidwa kanthu, kaya kapu, kaya chipewa, kaya matako a munthu. Iwo anangoti: "Ndamva, abwana."

Lachiwiri, 29 Meyi

Dzulo linali tsiku lokumbukira asilikali. Tinakazika timbendera tatsopano kumanda, n'kuzula takale. Takale tonseto tabwera kwa ine. Sindinkadziwa kuti tauni yaing'ono chonchi inafetsa anthu ochuluka chotere.

Kusukulu abweretsa zawo. Ogulitsa mafuta, ometa tsitsi, alimi a kuphiri. Mayi wina wabwera ndi za amuna ake atatu, onse malemu. Anthu a kuno akhala akuzisunga kuti zaka zonsezi? Piyano yadzaza. Tebulo ladzaza. Sofa. Tikudya chiimirire kukhitchini.

Masana Imogene, "kudzangoona". Magolovesi oyera, Lachiwiri masana! Anapeza katoni ya mbendera m'chipinda chochezera.

"Verna wanga, katoni ikakhala pansi, zam'katimo zili pansi."

Ndinati ili pa kapeti.

"Nanga kapetiyo ali m'mwamba?"

Amanena zoona, ndiye chondiwawa n'chimenecho. Katoni yakwera pa makina ochapira. Kuchapa kwaima.

Anadzipereka kutengako theka kupita nazo kwawo. Theka la mbendera, theka la ulemu, ndimamudziwa ine. Ndinakana mokoma kwambiri.

Lachisanu, 1 Juni

Tsoka. Mvula sinagwe chiyambire Epulo, udzu wauma gwa, chimanga chapota masamba. Lero akuluakulu a dera lathu aletsa moto uliwonse wa panja kufikira mvula itagwa. Ngakhale wootchera nyama.

Ndinavala mabaji anga onse paphewa n'kupita kwa mkulu wa ozimitsa moto. Ndinamuphunzitsa Sande sukulu ameneyo, mamina ali chuchuchu. Lero ali ndi ndevu ndi ofesi.

"Mai Pruitt, ngakhale kholo lanu lija litadzuka kudzapempha lokha, machesi ayi."

Ndinabwerera. Pakhomo ndinapeza lole. Ogulitsa galimoto a kumsewu waukulu atsitsa chimbendera chawo chija chimaoneka uli kutsidya kwa mtsinje. Amuna anayi kuchinyamula, thukuta kamukamu. Malo ochikwana m'nyumba muno amodzi okha: bedi lathu.

Ine ndigona pampando wopendekeka wa a Orval. Iwo atenga kamatiresi ka kumsasa, aika kumbuyo kwa pikapu, m'galaja. Akuti kuli bwino, kulibe wowauza kuti akuliza mkonono. Sabata ziwiri zokha. Mvula igwa.

Lolemba, 4 Juni

Kumwamba kuli mbee.

Tsiku langa la kunyumba ya okalamba. Lolemba lililonse ndimawerengera nyuzipepala Bambo Hollis Quarles. Msilikali wa ku Korea, alibe m'bale ndi mmodzi yemwe, mkamwa mokha ndimo muli moyo. Chakudya anasiya, anamwino anagwa nawo ulesi. Lero m'malo mwa nyuzipepala ndinawakhuthulira mavuto anga. Anaseka mpaka kutsokomola.

Akuti a kampani ya zamaliro, akamaotcha mtembo wa msilikali, amaufunditsa mbendera zakutha, zipsere limodzi. Moto umenewo ndi wa m'nyumba, suletsedwa.

"Ine ndinalembetsa kale kuti adzandiotche. Ingodikirani, mayi, ndatsala pang'ono. Mudzandifunditse zonsezo, ndinazizidwa kokwanira ku Korea."

Ndinawakalipira. Nkhani yanji imeneyo! Pobwerera ndinadzera kwa a zamaliro, kukangofunsa. N'zoona. Atenga zonse, ndi chimbendera chija chomwe, koma pokhapokha pali msilikali. Pakadali pano palibe. Mwini wake, modandaula: "Bizinesi yaima, mayi. Kutentha konseku koma anthu akukanirira."

Mulungu andikhululukire. Nditafika kunyumba ndinayang'ana pa kalendala.

Lachitatu, 6 Juni

Nkhani ya Bambo Quarles ndi a zamaliro ija ndinauza munthu mmodzi yekha, Mai Boggs, mwachinsinsi. Koma Mai Boggs kuti amve chinsinsi uyenera kukuwa, ndipo tinali pamzere wogula mankhwala. Nthambi yonse yadziwa.

Tsopano aliyense akukazonda Bambo Quarles. Munthu amene zaka zonsezi ankaona ine ndekha, Lolemba basi. Palibe akunena kanthu, ndife amayi aulemu wathu. Koma magulu ndi awiri, ndipo ngakhale mwana angaone.

A mbali yanga amalowa mwakachetechete, amafunsa namwino ndi nkhope yachisoni, "Kodi lero ali bwanji?" Akamva kuti aliko bwino amati "Tithokoze Mulungu," mawu ali pansipansi. Ndiye manyazi amawagwira, mawa lake amabwera ndi keke.

A mbali ya Imogene akufuna munthuyo akhale moyo mpaka pa 14, zivute zitani. Msuzi wa mafupa, nkhuku yokazinga, mavitamini. Imogene mwini wake akuwadyetsa ndi supuni. Kholo lake linkadziwa kunenepetsa, magazi sanama.

Ine ndinapita ndi keke ya mapichesi. Musandifunse kuti ndili gulu liti.

Loweruka, 9 Juni

Bambo Quarles akhala tsonga. Ameta ndevu. Aitanitsa mano awo, amene anali m'kabati chiyambire Khirisimasi. Namwino akuti sanaonepo zotere.

Atandiona anatsinzinira diso limodzi: "Pepani, mayi, ndikuyesetsa ndithu, koma msuzi wa Mai Stallard ukundibweza panjira."

Ndinakondwa. Ndikulemba ndi mtima woona, ndinakondwa. Ndiye ndinakalira m'galimoto, ndipo sindikudziwa kuti ndimalirira ziti.

Kunyumba mbendera zafika m'bafa. Tikusamba pasinki ngati amphaka. Bafa si pansi, ndinafufuza, lili ndi miyendo.

A Orval achepetsa zolankhula. Msana, akuti. Akakolo atupa. Madzulo ndinali kuganiza zanga, maso ali pa iwo osadziwa. Anaika foloko pansi.

"Usandiyang'ane choncho, Verna. Ndikudziwa kuti nanenso ndine msilikali."

Ndinaseka kwambiri. Mopitirira muyeso, mwina.

Lolemba, 11 Juni

Mvula ayi. Bambo Quarles akuyenda m'khonde ndi chogwirira, akuvutitsa anamwino.

Koma zinthu zatembenuka! Ndinaimbira Mai Thornbury kuti ndiwauze kuti moto kulibe, mtima uli m'mwamba. Anafunsa kuti nanga mbenderazo zili kuti. Ndinafotokoza: piyano, tebulo, sofa, bafa, bedi. Kenako anafunsa: "Ndipo palibe imene yakhudza pansi?"

"Ngakhale imodzi, mayi."

Akuti chiyambire utsogoleri wawo sanamvepo kudzipereka kotere. Msonkhano ndi chisankho zichitikire kunyumba kwanga, amayi onse adzaone ndi maso awo. Adzamwa tiyi chiimirire, akuti n'koyeneranso.

Imogene wamva. Akuti wadwala mutu. Lamba ndikumumva kale paphewapa.

Masana a Orval anabwera pakhomo la kuchipinda, kumene kuli makina oziziritsa mpweya. M'galaja akuti muli ngati mu uvuni. Anapempha kakona ka bedi, kungotsamira pang'ono. Ndinati chimbenderacho chafika m'makona monse, ndipo pamwamba pake ndasanjapo zinzake, ndingayambirenso? Apirire mpaka Lachinayi. Anayang'ana bedi, anayang'ana ine. "Chabwino, abwana." Anatuluka akukoka mapazi.

Ndidzawaphikira nyama ya nkhumba ndi maapozi Lachisanu. Amaikonda.

Lachitatu, 13 Juni

Tsitsi lapangidwa. Magolovesi achapidwa, ali pawindo. Mabaji ndawasanja mwa dongosolo lake, la Jabez Tolliver pamwamba. Keke zitatu, tiyi wozizira, madzi oundana odzaza filiji. Mpando wopendekeka nawonso ndaupereka kwa mbendera za kubwalo la zionetsero, zafika mochedwa.

A Orval sanamalize chakudya. Ndawapempha kuti mawa asaonekere ndi kabudula wawo uja, akhale kugalaja mpaka alendo atapita.

Mayi anga, mukanakhalapo mukanaona.

Lachisanu, 15 Juni

Kuchipatala. Ali moyo.

Lero sindingalembe.

Lamulungu, 17 Juni

Adokotala akuti kutentha kunawaphika a Orval, mtima n'kutopa. Akanakhala m'galajamo kanthawi kena pang'ono, bwenzi tikunena zina. Akugona tsopano, mapaipi m'manja. Ndilembe, mwina mutu upepuka.

Lachinayi zonse zinayamba bwino. Amayi odzaza nyumba, zipewa, magolovesi, makapu m'manja, aliyense chiimirire. Tinaimba nyimbo ya fuko. Mai Thornbury anayendera chipinda chilichonse, mpaka kubafa. Atafika pa bedi anapukuta msozi. Anandigwira dzanja pamaso pa onse. Mapepala ovotera anali atayamba kugawidwa.

Imogene anabwera ndi Bambo Quarles ngati mlendo wolemekezeka, atawamanga tayi, kuti aliyense aone kuti ali moyo. Koma munthu wokalamba sangaime nthawi yaitali, ndipo m'nyumba monse munalibe pokhala. Anatuluka ndi chogwirira chawo kukafuna mpando kugalaja. Ndiwo anawapeza a Orval, atagwera pambali pa pikapu, osayankha. Anakanikiza hutala osasiya mpaka tonse tinathamangira.

Nkhope ili mbuu, milomo youma, malaya otentha ngati achoka pa ayironi. Tinawanyamula amayife, wina mwendo, wina mkono. Mmodzi wa ife anali namwino kale, anakuwa kuti apite kozizira, agone chagada, miyendo m'mwamba. Kuchipinda.

Ndiye tinafika pa bedi.

Sindidzaiwala. Amayi anandanda okha pamzere, osauzidwa. Woyamba ananyamula mbendera imodzi ndi manja awiri, n'kupatsira mnzake, mnzakeyo kwa mnzake, womaliza n'kumazungulira kufuna poiika. Imodziimodzi. Mwaulemu. Mai Thornbury anagwira kona ya chimbendera chija n'kuyamba kulamula kapindidwe: "Nyenyezi kumanzere, amayi, tisapupulume." Palibe anali woipa mtima. Tinaphunzitsidwa choncho tonse, ndipo ine ndikanakhala kunyumba ya wina ndikanaima pamzere womwewo.

Mutu wa a Orval unali pachifuwa panga. Wolemera. Ndinamva mpweya wawo ukudukaduka.

Ndinapatsira mutuwo Imogene, ndinagwira chimbendera ndi manja onse, ndinakoka. Zonse pansi, khu! Milu yonse ya sabata zitatu. Ina inagubuduzikira kunsi kwa kabati. Ndinaponda pomwepo ndi nsapato zanga za tchalitchi, kupita ndi kubwerera, kukoka mapilo.

Kenako Mai Thornbury: "Mai Pruitt! Mbendera!"

Ndinati: "Tachokani apo, amuna anga agone." Ena akuti ndinawonjezera mawu ena amene ndinawamva kwa a Orval tsiku lomwe anadzimenya ndi hamala. Sindikukana.

Imogene, ndimupatse zake. Anavula magolovesi, anawaviika mu jagi ya madzi oundana, anawaika pachipumi ndi m'khosi mwa a Orval. Ndiye anaimba foni. A ambulansi atafika anadutsa pambendera pomwepo ndi majombo awo, palibe anawaletsa.

Lero namwino wa kuno wandifunsa kuti bwanji sitinangowagoneka pansi, pa kapeti, m'chipinda chozizira momwemo. Palibe anaganizako. Ndipo ngakhale ndikanaganiza, sindikanalola. Munthu ndinali nditamutsitsa kokwanira.

Lachiwiri, 19 Juni

Anavota Lachisanu kuholo, ine kulibe. Imogene. Akuti mavoti anga analipo awiri, ndipo limodzi ndi la Mai Boggs, amene sanamve chimene chinachitika.

Zikuwawa. Ndisaname. Ndinadzitsekera m'chimbudzi cha kuchipatala n'kulira ngati mwana, chipewa chili kumutu. Mayi anamuvala, agogo anamuvala, pa ine wadumpha. Chisankho china ndidzakhala ndilibe mano.

Imogene anabwera kudzaona odwala. Lamba sanavale, anamusiya m'galimoto, ndinamuona pawindo atapachikidwa bwinobwino. Anati: "Amayabwa m'khosi, Verna, palibe chimene wataya." Bodza, koma ndinalilandira.

Monga wapampando watsopano, mbendera zonse ndi udindo wake tsopano. Anatumiza lole dzulo. Moto ukadali woletsedwa. Bambo Quarles akuti apempha kuti aziphunzira kuvina.

Amuna a Imogene awaona m'sitolo akufunsa mtengo wa kamatiresi ka kumsasa. Ndamuimbira Imogene. Ndamuuza kuti akangomutulutsa munthuyo m'nyumba ndibwera ndekha kudzakoka.

Lachinayi, 21 Juni

Atuluka. Ali pabedi lawo, pakati penipeni, manja uku ndi uku ngati agula nyumba yonse. Nyama ya nkhumba adokotala aletsa. Adya maapozi okha, akudandaula.

Nyumba ili pululu. Ndinayesa kukhala pa sofa, ndinadzuka msanga ngati ndalakwa.

Masana ndinawapititsira madzi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako: "Koma ndiwe wopupuluma, Verna. Ukanangolola amayi aja amalize kupinda, ukanapeza zonse tsiku limodzi. Msilikali, moto, ndi lamba."

Ndinafuna kuwakalipira. Ndinaika kapu pansi, ndinakwera pabedi ndi nsapato zomwe, dzuwa lili pamutu, mbale zosatsuka. Anasendera pang'ono. Pang'ono kwambiri.

Ndikulembera pomwepa. Akuti ndisiye, ndikugwedeza bedi, munthu akufuna kugo